Kalata kwa mafumu a mizinda ya Lilongwe, Chipata ndi Tete

Olemekezeka mafumu a mizinda ya Lilongwe, Chipata ndi Tete, pamodzi ndi makhansala ndi akuluakulu oyendetsa makhonsolo anu,

Zikomo mafumu. Ndagwada ndipo ndawomba m'manja monga mwa mwambo wathu, ndiloleni ndiyankhule.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Ndinabadwira ku Mchinji, ndakalambira mu Lilongwe, ndipo masiku ano nthawi yanga yambiri imathera pothandiza gulu la amayi ovina chimtali ndi anyamata a mganda a m'dera lathu. Ndimawalembera makalata, ndimawasungira kabuku ka ndalama, ndipo akamapita kokavina ndimakwera nawo lole. Ndalemba kalata imodzi kwa inu atatu chifukwa zimene ndikufuna kunena sizingatheke ndi mmodzi wa inu payekha.

Ndiyambe ndi dzina limene timakutchulirani. Pawailesi timamva kuti "mfumu ya mzinda wa Lilongwe", ndipo ana a masiku ano akamva mawu akuti mzinda amaganiza za nyumba zosanja, maloboti a pamsewu ndi magetsi. Koma agogo athu akamati mzinda sankanena za nyumba. Mzinda unali mudzi umene mfumu yake inapatsidwa ufulu wokhala ndi bwalo, wovinitsa chinamwali, wokhala ndi dambwe. Mudzi ukhoza kukhala waukulu, wa nkhokwe zambiri ndi makola odzaza, koma ngati mfumu yake inalibe ufulu umenewu, sunali mzinda. Ana ake ankakavinidwa kwa eni mzinda. Ndiye pamene makolo athu anaona matauni akumera n'kuwatcha mizinda, anawapatsa dzina lolemera kwambiri, ndipo inu amene mumavala mkanjo ndi unyolo wa ufumu wa mzinda munalandira dzinalo pamodzi ndi udindo wake. Mwini mzinda amasunga bwalo, amasunga ng'oma, ndipo amadziwa kuitana anzake.

Kuitanako ndiko ndikufuna mukumve bwino. Kwathu kukakhala chiliza cha mfumu kapena maliro a munthu wamkulu, mwini mzinda savina yekha. Amatuma mthenga ku mizinda yoyandikana nayo, uthenga umafika kwa atsabwalo, ndipo pofika tsikulo zilombo zimatuluka m'madambwe atatu kapena anayi. Eni mudzi amafulula mowa, amaphika thobwa, amakonza pogona alendo. Oyimba ng'oma a kuno amapatsa mpata a uko, amayi a kuno amaphunzira nyimbo ya alendo n'kuyamba kuipolokozera tsiku lomwelo. Chaka chamawa zikagwa kwa anzawowo, nawonso amanyamuka. Palibe amene analemba pangano limeneli papepala, koma aliyense amadziwa kuti ukakana kupita kwa mnzako, tsiku lako bwalo lidzakhala zii. Mgwirizano wa mizinda pa nkhani ya chikhalidwe sitikuuphunzira kwa azungu ayi. Tinabadwa tikuuona.

Amalume anga, alongo awo a mayi, ankakhala tsidya la Zambia, ulendo wa maola ochepa panjinga kuchokera kwathu. Anali mmisiri wa ng'oma. Ndikukumbukira ndili mwana nditakhala pambali pawo akusema chipika, tizipalamba tikugwera pamapazi anga, kenako akukunga chikopa chonyowa ndi kuchikhomerera ndi zikhomo mozungulira. Ng'oma ikauma ankaiwamba pamoto wa udzu, akuigogoda ndi chala n'kutchera khutu, akuisendeza kufupi ndi moto, akuichotsanso, mpaka itafika pa liwu limene ankalifuna. Akamata phula pakati pa mbalule ankandiuza kuti ndikhale chete, chifukwa mbalule ndiyo imayankhula ndi mapazi a chilombo, ndipo ikanama chilombo chimaima n'kutembenuka. Ng'oma za amalumewo zinkalira m'midzi ya ku Mchinji, zinkalira kwawo ku Zambia, ndipo ina inatengedwa ndi anthu ochokera ku Mozambique amene anabwera wapansi kudzaigula. Amalume sanaonepo mapu a 1891, chaka chimene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire amene anadula dziko la Amaravi. Iwo ankangodziwa kuti uku kuli Aphiri, uko kuli Abanda, kwinako kuli Ambewe ndi Amwale, ndipo onsewo akamwalira amalira ndi ng'oma imodzi.

Mizinda yanu itatu yakhala pa mafuwa a dziko limenelo. Madzi amene anthu a mu Lilongwe amamwa amatsika kuchokera ku Dzalanyama, mapiri amene ali m'malire ndi Mozambique, komwenso kuli Kaphirintiwa, kumene Achewa amati anthu oyamba anaponda thanthwe likadali lofewa. Likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Undi atachoka kumeneko anakakhazikika ku Mano, m'chigawo chimene lero ndi cha Tete. Lero Kalonga Gawa Undi ali ku Mkaika, m'boma la Katete. Munthu akafuna kufotokozera mwana mbiri ya ufumu umodzi wokhawu ayenera kutchula maiko atatu, ndipo akafuna kumuonetsa malowo ndi maso ayenera kudindiritsa pasipoti kangapo.

Anthu wamba sanadikire kuti muwauze. Loweruka lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse amapita ku Kulamba. Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, unatsitsimutsidwa mu 1984, ndipo mu 2007 atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pabwalo limodzi ku Mkaika. Ine ndapitako kangapo. Chimene chimandigwira mtima si nsanja ya alendo olemekezeka, koma usiku wa Lachisanu, kumisasa ya udzu kumene anthu amagona. Chaka china ndinakhala pamoto umodzi ndi amayi a ku Angonia. Mmodzi wa amayi a gulu lathu anayamba nyimbo ya chisamba imene anaiphunzira kwa agogo ake ku Kasiya, ndipo asanamalize mzere woyamba, mayi wina wachikulire wa ku Angonia anaimirira, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuilandira. Mawu awiri kapena atatu anali osiyana, koma nyimbo inali yomweyo. Anavina mpaka moto unazilala. Kutacha anapatsana ufa ndi nyemba, analembana manambala a foni pachikutiro cha kope, ndipo mpaka lero amaimbirana maliro akagwa. Mayi wa ku Angoniayo anatiuza kuti pa nthawi ya nkhondo anakhala zaka zingapo ku Dedza ngati wothawa kwawo, mmodzi mwa anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique amene Malawi inawasunga mpaka mtendere utabwera mu 1992. Anati Achewa a ku Dedza sanamufunse chiphaso, anangomufunsa mfunda.

Maboma athu nawonso anachitapo mbali yawo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse a padziko lapansi, ndipo mu 2008 analembedwa m'kaundula wake m'dzina la maiko atatu pamodzi: Malawi, Mozambique ndi Zambia. Tinasangalala. Koma ndikufunseni mwaulemu, mafumu: mwana wobadwira ku Kawale mu Lilongwe, ku Kapata mu Chipata kapena ku Matundo mu Tete wapindulanji ndi kulembedwa kumeneko? Kulamba ndi wa tsiku limodzi pachaka, ali kumudzi, ndipo mwini wake ndi Gawa ndi mafumu ake. Ana ambiri a anthu athu tsopano akukulira m'matauni anu. Ndi inu amene muli ndi misika, maholo, mabwalo a mpira, mapaki ndi misewu. Ngati chikhalidwe chimenechi sichipeza pokhala m'tauni, mbadwo umene ukubwerawu udzachiona pa Facebook pokha, pakanema wa theka la mphindi, wina atachijambula mochiseka.

Tinene zoona za mmene ovina amagwiritsidwira ntchito m'mizinda yathu. Amakumbukiridwa kukabwera mlendo wolemekezeka kapena kukakhala mwambo wotsegulira nyumba. Chaka china ofesi ina inaitana gulu lathu kukavina pamwambo wotero. Anatiuza kuti tifike 7 koloko mmawa. Amayi anadzuka tambala woyamba, anasiya ana ndi mabizinesi awo a mandasi ndi tomato, anachapa yunifolomu dzulo lake ndi sopo wogula okha. Tinakhala padzuwa mpaka cha m'ma 1 koloko masana. Atatiitana, woyendetsa mwambo anatipatsa mphindi zisanu, ndipo nyimbo yachiwiri ili pakati anakweza dzanja kuti ng'oma zileke chifukwa mlendo anali ndi msonkhano wina. Alendo anapita kukadya. Ife tinapatsidwa botolo la chakumwa aliyense, ndipo galimoto imene inalonjezedwa kutibweza sinabwere. Ndinaona mayi wa zaka zoposa 60, amene amadziwa nyimbo za chinamwali zimene palibe buku linazilemba, akusenza ng'oma pamutu kulowera kokwerera minibasi, ndalama yokwerera atabwereka kwa mnzake. Sanadandaule. Anangondiuza kuti, "Aphunzitsi, ulendo wina akaitana muziyamba mwafunsa za transipoti." Ndinapita kunyumba mtima ukuwawa, ndipo ndikulemba kalatayi ukuwawabe.

Mwini mzinda weniweni sachita zimenezo kwa alendo ake a pabwalo. Amadziwa kuti woyimba ng'oma amadya, wovina amafupidwa, ndipo nyimbo ikayamba imayenera kufika kumapeto.

Pempho langa ndi ili. Inu atatu mukumane, musainirane pangano la chikhalidwe, ndipo mukhazikitse chikondwerero chimodzi chozungulira: chaka chino ku Lilongwe, chamawa ku Chipata, chinacho ku Tete, kenako kubwereranso. Chikhale m'miyezi ya Juni kapena Julayi, anthu atakolola, mvula itatha, ndiponso nthawi ya Kulamba isanafike kuti pasakhale kulimbirana anthu kapena kuoneka ngati mukupikisana ndi mafumu. Mzinda wolandira uzisamala malo ogona, chakudya ndi bwalo. Mizinda yobwera izisamala ulendo wa magulu ake ndi malipiro awo. Kaya pali mapepala a ubale amene ena mwa inu munasainirana kale, ife timayeza ubale ndi zimene zafika pabwalo, ndiye pangano limeneli likhale ndi mwezi wake, ndalama zake ndi munthu wodziwika mu khonsolo iliyonse amene tingamugogodere pakhomo.

Misewu ilipo kale. Kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Mchinji kukafika ku Chipata ndi ulendo wa maola ochepa. Kuchoka ku Chipata kudzera ku Katete ndi pa Chanida msewu umatsikira ku Tete. Kuchoka ku Tete munthu amakwera kudzera ku Angonia n'kutulukira pa Dedza, kapena kudzera pa Zobue n'kulowa ku Mwanza. Malole a feteleza, simenti, mafuta ndi chimanga amazungulira njira zimenezi usana ndi usiku. Mu 2010 njanji ya Mchinji inalumikizidwa ndi Chipata. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula chipata cha Mchinji ndi Mwami choti munthu aziima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Zonsezi zinachitika chifukwa akuluakulu anaona kuti katundu ayenera kuyenda mosavuta. Ndikupempha kuti muone ng'oma ndi maso omwewo.

Ndikutero chifukwa ndinaonapo gulu likuchedwa theka la tsiku pachipata china cha m'malire. Wogwira ntchito pamenepo sanali munthu woipa. Anali ndi malamulo a zikopa za nyama ndi a mitengo yosema, ndipo ng'oma ili ndi zonse ziwiri. Analibe pepala lomuuza kuti ng'oma yopita kokavina n'kubwerera si katundu wamalonda. Amayi ena analibe mapasipoti, anali ndi ziphaso za masiku ochepa zodutsira malire, ndipo mayina ena analembedwa mosiyana ndi a pa chitupa cha unzika. Tinafika mwambo utayamba. Inu simulamula zipata, ndikudziwa, koma kalata ya mafumu a mizinda itatu kwa nduna zoona za m'dziko ndi kwa akuluakulu a kasitomu imalemera kuposa kalata ya mphunzitsi wopuma. Pemphani kuti pakhale chiphaso chimodzi cha gulu, chokhala ndi mndandanda wa anthu ndi zida zawo, chodindidwa ndi khonsolo, chimene mbali zonse zizichilemekeza.

Ena adzakuuzani kuti Gule Wamkulu si wa pa siteji, ndipo akunena zoona. Gule ali ndi eni ake. Ali ndi nthawi yake, malo ake ndi zinsinsi zake, ndipo pali zilombo zimene sizituluka wamba. Kasiyamaliro satuluka chifukwa choti kwabwera alendo okaona malo. Njovu imatuluka pa zinthu zazikulu za ufumu, osati pa chionetsero cha malonda. N'chifukwa chake m'komiti yokonza chikondwererochi muyenera kukhala mafumu, atsabwalo ndi anamkungwi, osati ngati alendo oitanidwa tsiku lomaliza, koma ngati anthu amene mawu awo ndi omaliza pa zimene zingaonetsedwe ndi zimene sizingaonetsedwe. Bungwe la Chewa Heritage Foundation lilipo, yambirani pamenepo. Chimene chawononga dzina la gule m'matauni ndi anyamata ongodziveka zinthu n'kumathamangitsa ana asukulu ndi kupempha ndalama pamsewu, opanda mfumu, opanda dambwe lodziwika. Mankhwala ake si kuthamangitsa gule m'tauni. Mankhwala ake n'kumubwezera m'manja mwa eni ake ndi kumupatsa malo oyenera, kuti mwana wa m'tauni aone kusiyana kwa gule weniweni ndi chipwirikiti, amve zimene Chadzunda akulangiza, aseke ndi Maliya ndi Simoni akudziwa chimene akusekacho.

Ndipo musalole kuti chikhale chikondwerero cha mtundu umodzi. Ine ndine Mchewa, koma Lilongwe si ya Achewa okha, Chipata ndi kwa Mpezeni, ndipo mu mzinda wa Tete chiyankhulo cha pamsika ndi Chinyungwe. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, ndipo Zumbo ili m'chigawo cha Tete. Zidzukulu zawo zimavina Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi Umthetho ku Hora, ku Mzimba. Angoni a Maseko anakhala ku phiri la Domwe ku Angonia, ndipo lero amasonkhana ku Ntcheu pa Umhlangano, abale awo a ku Mozambique akubwera kudzavina nawo. Aliyense amene anayendapo pamsewu wa Dedza kupita ku Ntcheu amadziwa kuti pa Lizulu mbatata ya kachewere ya tsidya lino ndi ya tsidya lija imagulitsidwa pamsika umodzi, chifukwa msewuwo ndiwo malire. Ingoma ya Mpezeni ikumane ndi ya Gomani pabwalo limodzi, zishango zigundane, anthu aone okha pamene mapazi amafanana ndi pamene amasiyana. Anyungwe abwere ndi nyanga, gule amene amuna amavina mozungulira aliyense akuliza zitoliro zake, kupuma ndi kuimba nthawi imodzi, mapazi akuchita zina. Anthu ambiri a ku Lilongwe sanamuonepo, chonsecho ali pafupi kuposa Johannesburg kumene timaitanako oyimba ndi ndalama zambiri. Asena abwere ndi valimba. Atumbuka a ku Lundazi ndi a ku Rumphi abwere ndi vimbuza, amenenso UNESCO inawalemekeza mu 2005. Pakhalenso malo a achinyamata a masiku ano, oyimba ndi magitala ndi makompyuta, alakatuli, a zisudzo ndi ojambula, chifukwa nawonso akuimba m'chiyankhulo chomwechi ndipo nyimbo zawo zimawoloka malire pafoni tsiku lililonse.

Za chiyankhulo ndiimepo pang'ono, poti ndi ntchito imene ndinagwira moyo wanga wonse. Kale wailesi imene inkaulutsa mawu kuchokera ku Lusaka inkamveka ku Nyasaland m'Chinyanja, ndipo makolo athu ankaimvera pa timawailesi tooneka ngati sefuliya timene tinayamba kugulitsidwa mu 1949. Mu 1948 kunakhazikitsidwa ofesi imodzi yosindikiza mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo buku la Chinyanja lolembedwa ndi munthu wa kuno linkawerengedwa m'sukulu za uko. Atsamunda anachita zimenezo pa zifukwa zawo, ndipo sindikuwalakalaka. Koma zimandipweteka kuti titadzilamulira tokha tinatalikirana. Mu 1968 Malawi inasintha dzina la chiyankhulo kukhala Chichewa, Zambia inapitiriza kunena kuti Chinyanja, ku Mozambique amalemba ndi kalembedwe kawo, ndipo lero buku losindikizidwa ku Lilongwe n'lovuta kulipeza ku Chipata. Mwana wa ku Furancungo, m'chigawo cha Tete, amene akuphunzira kuwerenga m'Chinyanja akusowa mabuku amene ali mbwee m'masitolo a ku Malawi. Makhonsolo ali ndi nyumba zowerengeramo mabuku kapena ali pafupi ndi amene amaziyendetsa. Kusinthana makatoni a mabuku kamodzi pachaka sikufuna msonkhano wa atsogoleri a maiko. Nazonso nyumba zoulutsa mawu zilipo: Breeze FM ku Chipata, Mudzi Wathu ku Mchinji, MBC, ndi nthambi ya Rádio Moçambique ku Tete imene imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe. Pa sabata ya chikondwerero zilumikizane, gogo wa ku Chadiza amve mdzukulu wake akulakatula ndakatulo ku Lilongwe.

Anzathu kwina akuchita kale. Maiko a kum'mawa kwa Africa ali ndi chikondwerero cha JAMAFEST chimene chinayambira ku Kigali mu 2013, chinapita ku Nairobi mu 2015, ku Kampala mu 2017 ndi ku Dar es Salaam mu 2019. Ku Ulaya, tauni ya Gorizia ku Italy ndi ya Nova Gorica ku Slovenia, zimene zili mbali ziwiri za malire amene anaikidwa mu 1947, zinagwirizana ndipo mu 2025 zinanyamula pamodzi ulemu wokhala likulu la chikhalidwe la Ulaya. Kuno kwathu komwe, Blantyre yakhala paubale ndi mzinda wa Hannover ku Germany kuyambira 1968, ndipo pakati pa Blantyre pali msewu wa dzina limenelo. Ubale umenewo ndi wabwino ndipo upitirire. Koma ngati ubale wofuna ndege ndi womasulira wakhala zaka zonsezi, ubale wofuna basi ndi thumba la ufa ungakanike bwanji? Chibale ndi fupa, sichiwola, komabe njira yosayendamo imamera udzu.

Mudzanena za ndalama, ndipo sindikupeputsa. Ndimakhala mu mzinda umene zinyalala zimachedwa kuchotsedwa ndipo misewu ya m'makwalala imakumbika dzinja lililonse. Khansala amene anthu ake akulira madzi sangaimirire mosavuta n'kupempha ndalama za magule. Koma taonani amene amapindula anthu akasonkhana. Ku Mkaika sabata ya Kulamba amagulitsa ndi a zitenje, a nyama yootcha, a malo ogona ku Katete ndi ku Chipata, a minibasi ndi a kabaza. Ku Dzaleka, anthu othawa kwawo, amene alibe khonsolo kapena msonkho, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, ndipo anthu amachoka mu Lilongwe kukagona m'nyumba za othawa kwawowo n'kulipira. Ngati iwo anatha ndi manja okha, khonsolo imene imatolera msonkho wa malo ndi ziphaso za m'misika singalephere kuika mzere umodzi m'bajeti yake. Mzerewo ukhale waung'ono, koma ukhalepo chaka ndi chaka, ndipo uzilengezedwa poyera kuti tidziwe kuti yalowa ingati ndipo yapita kuti. Makampani a mafoni, mabanki ndi a migodi ya malasha ku Moatize adzabwera pambuyo akaona kuti eni ake ayambapo. Mukayamba ndi kupempha kwa abwenzi akunja, chikondwererocho chidzatha tsiku limene pulojekiti yawo idzathe. Fumbi ndiwe mwini.

Pa ndalama zomwezo, gawo loyamba lizipita kwa ovina, oyimba ng'oma ndi osema, osati ku ma alawansi a misonkhano yokonzekera. Mtengo wa gulu uzidziwika gulu lisananyamuke, ndipo lizilandira tsiku lomwelo. Ndikupemphaninso kuti nsalu za zipani zisalowe pabwalo limeneli. Mafumu a mizinda amasintha, zipani zimasintha, ndipo chikondwerero chikadziwika kuti ndi cha chipani chakuti, wobwera pambuyo adzachikwirira.

Chinthu china chimene ndalama sizingagule mukachedwa ndi malo. Lilongwe yakhala likulu kuyambira 1975 ndipo ikukula mothamanga. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017. Tete yatambasuka mbali zonse za Zambezi chifukwa cha malasha. Malo amene ana ankasewerapo dzana lero pali mpanda wa njerwa. Patulani bwalo tsopano, mulilembe m'mapu a khonsolo kuti wina asadzaligule. Sitikupempha nyumba ya magalasi. Gule amafuna dothi loti fumbi libuke, mitengo ya mthunzi, madzi, zimbudzi, kanyumba kosungiramo ng'oma kuti zisanyowe, ndi malo obisika kumbali kumene ovina angakonzekere popanda maso a anthu. Maholo akuluakulu a m'mahotela ndi okongola, koma gulu la amayi a ku Mtandire silingakwanitse kulipira ngakhale ola limodzi, ndipo pa matailosi mapazi a mganda samveka. Mukapatula malowo muwasamale. Anthu a ku Blantyre akudziwa mmene malo a zisudzo amene kale ankayendetsedwa ndi Afalansa anawonongekera atasowa owayang'anira, ndi zaka zimene zapita poyesa kuwabwezeretsa.

Ndatsala ndi ana asukulu, amene ndimawaganizira kuposa onse. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera zinajambulidwa ndi makolo a Achewa, zina pophunzitsa anamwali, zina zokhudza nyau. Zojambula za mtundu womwewo zili ku Thandwe ndi ku Mkoma, kum'mawa kwa Zambia. Ku Mua kuli malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao yasungidwa pamodzi ndi nkhope za gule mazanamazana. Ndinapitako ndi ana a Sitandade 7 chaka china, titasonkherana makolo ndi aphunzitsi. Mtsikana wina amene m'kalasi sankayankhula anaima kutsogolo kwa thanthwe la ku Chongoni nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti agogo athu ankalemba?" Ndinamuyankha kuti inde, ankalemba. Pobwerera m'basi anakhala akujambula zimene anaonazo kuchikuto cha kope lake la masamu.

Ndikufuna mwana wa ku Chipata adzaime pa thanthwe lomwelo pambali pa mwana wa ku Lilongwe ndi wa ku Tete, agone m'kalasi imodzi pamphasa, adye nsima ya m'phika umodzi, kenako chaka chotsatira a kuno apite ku Thandwe, chinacho akaone mlatho wa Samora Machel ndi kumva nyanga ikulira m'mbali mwa Zambezi. Basi imodzi kuchokera mu mzinda uliwonse, kamodzi pachaka. Aphunzitsi odzipereka alipo, ine ndikuwadziwa ambiri.

Pomaliza ndikupempha a mfumu a mzinda wa Lilongwe kuti muyambe ndinu, poti muli pakati ndipo njira zonse ziwiri zimadzera kwanu. Tumizani mthenga ku Chipata ndi ku Tete mvula ya chaka chino isanagwe, nthawi ya bajeti isanapite. Pamsonkhano woyambawo muitane mafumu, muitane anamkungwi, muitanenso atsogoleri a magulu a m'makwalala, ndipo muwatumizire transipoti. Amayi a gulu lathu amakumana Lachitatu lililonse masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ndipo andituma kuti ndikuuzeni kuti ng'oma zawo ziwiri zakungidwa kumene mwezi wathawu.

Zikomo mafumu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Lilongwe